Kagalu ka Pabanja: Maltese Kapena Jack Russell?

Lero ndifuna kukamba nanu za galu. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, muli kunena kuti, "Kodi nkhani zawathera a wailesi kuti atiuze za agalu?" Dikirani pang'ono, musatseke wailesi yanu, pakuti m'nkhani iyi muli ndalama, muli misozi ya mwana, ndipo penanso muli mlandu wa kwa anyakwawa.

Ndalandira kalata yocokera kwa bambo wina amene agwira nchito pa mgodi wa Nchanga ku Chingola. Kwao ndi ku Kaumbwe, m'dziko la Mfumu Mwanjawanthu, m'boma la Petauke. Ali ndi ana atatu: mnyamata wa zaka 11, mtsikana wa zaka 8, ndi citsiriza wa zaka 3. Anawo akhala ali kulirira galu caka conse. Nyumba yao iri m'komboni ndipo bwalo lace ndi laling'ono, motero galu wamkulu sangakhalepo. Tsono apeza tiana ta agalu ta mitundu iwiri togulitsa. Amai a m'nyumba ndi mwana wamkazi afuna kagalu koyera ka ubweya wautali kochedwa Maltese, koma mnyamata afuna kena kochedwa Jack Russell. Bambo afunsa kuti, "Kodi ndigule kati kuti m'nyumba mwanga mukhale mtendere?"

Pansi pa kalata anaonjeza mau ocepa, monga ngati alibe nchito. Ati kwatsala zaka zinai kuti apume pa nchito, ndipo nyumba imene ali kumanga kumudzi yafika pa mazenera. Bambo wanga, yankho lanu lonse liri m'mau amenewo. Tiagalu tating'ono timakhalitsa. Mu 1922 sitikanadziwa bwino, koma mu 2022 madotolo a ziweto a pa Royal Veterinary College ku London anawerenga zaka za agalu oposa 30,000 amene anafa ku Britain, napeza kuti mwa mitundu imene anayesa, Jack Russell ndiye akhala moyo wautali kopambana, pafupifupi zaka 13. Maltese nayenso afika zaka 12, ena apitirira. Werengani nokha. Kagalu kamene mugula caka cino kadzakhala zaka zinai ku Chingola, ndipo zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposa kadzakhala ku Kaumbwe. Cifukwa cace musasankhe galu wa nyumba imene mulimo lero. Sankhani galu wa nyumba imene adzakalambiramo.

Tiyambe ndi wokondedwa ndi amai. Inu owerenga Buku Lopatulika mukumbukira cisumbu ca Melita, kumene Paulo anapulumukira citasweka combo, ndi kumene njoka inamluma dzanja alikuika nkhuni pamoto. Cisumbuco lero cichedwa Malta, ndipo anthu ambiri ati dzina la kagaluka licokera komweko. Agriki ndi Aroma akale analemba za tiagalu ta ku Melita timene akazi a anthu olemera anali kunyamula m'manja. Ndiye kuti kwa zaka ngati 2,000 nchito ya galu ameneyu yakhala imodzi yokha, ndiyo kukhala pamiyendo pa mwini wace. Sanamweteredwe kusaka kapena kulonda khola. Kulemera kwace ndi makilogalamu 3 kapena 4, monga tambala wamkulu, ndipo msinkhu wace ndi masentimita 20 kufika 25.

Zabwino zace ziripo, ndipo sindifuna kuzibisa. Ndi wofatsa, akonda anthu, adya pang'ono. Ubweya wace suyoyoka kwambiri pa mipando. Safuna kuthamanga mitunda, bwalo laling'ono limkwanira. Mlendo akafika pa cipata auwa ndi mau akuthwa, ndipo wakuba aopa phokoso kuposa mano. Kwa mai amene atsala yekha m'nyumba pamene bambo ali pansi pa mgodi pa nchito ya usiku, kagalu kotere ndi bwenzi leni-leni.

Koma akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ubweya woyera uja umene wakopa amai ndiwo bvuto lace. Umakula kosaleka monga tsitsi la munthu, motero ufuna cipeso tsiku ndi tsiku, ndi lumo pakapita milungu 6 kapena 8. Mukaleka sabata imodzi ulukana nukhala ngati thonje lonyowa, ndipo pansi pa mfundozo pabisala utitiri ndi zilonda. Misozi imdetsa pansi pa maso. Mano ace athinana m'kamwa mwaung'ono ndipo abvunda msanga. Mafupa ace ndi oonda, kotero kuti mwana wa zaka 3, amene sadziwa kusiyanitsa kagalu ndi cidole, akakanyamula nakagwetsa pa simenti, mwendo ungathyoke. Funsani tsono m'nyumba mwanu kuti adzapesa ndani. Mtsikana adzakweza dzanja, ndidziwa. Ndidziwanso kuti pakapita miyezi iwiri cipeso cidzakhala m'manja mwa amai, amene ali kale ndi zocapa, zophika ndi mwana wa kumbuyo.

Pali kanthu kena kamene muyenera kudziwa. M'miseu ya mu Lusaka ndi mu Kitwe mudzamva ogulitsa alikuitana kuti ali ndi Maltese poodle. Dzina limeneli ndi lofala kuno ndi ku South Africa, koma Maltese ndi mtundu wina, poodle ndi mtundu winanso, ndipo tiagalu toyera tambiri timene tigulitsidwa ndi dzinali ndi tosakanizika. Kusakanizika si cirema, pena galu wotere akhala wolimba kuposa wa mtundu weni-weni. Cokhaco musalipire mtengo wa ng'ombe pogula mbuzi.

Tsono tione wa mnyamata. Dzina la galuyu ndi la munthu. John Russell, amene anzace anali kumucha Jack, anabadwa mu 1795 namwalira mu 1883. Anali mbusa wa mpingo wa Anglican pa mudzi wa Swimbridge, m'cigawo ca Devon ku England, koma mbiri yace inamveka makamaka cifukwa ca uzimba. Anali kusaka nkhandwe za kwaoko, zimene zithawira m'mauna. Mu 1819, akali wophunzira ku Oxford, anaona wogulitsa mkaka ali ndi kagalu kakakazi koyera, nakagula, nakacha Trump. Mbusayu anadziwa cimene anali kufuna. Anafuna galu wamng'ono woti alowe mu una, wolimba mtima woti auwe pamaso pa nkhandwe kufikira ituruke, wa miyendo yoti atsate akavalo tsiku lonse, ndiponso woyera kuti alenje asamyese nkhandwe. Zonse zimene anafuna ziri m'magazi a galuyu kufikira lero, ndipo inu simungazicotse.

Msinkhu wace ndi masentimita 25 kufika 30, kulemera kwace ndi makilogalamu 5 kufika 8. Ubweya wa ambiri ndi waufupi, mungoupukuta ndi nsanza basi. Ndi wocenjera, aphunzira msanga, ndipo mnyamata wa zaka 11 adzatopa iye asanatope. Khoswe akalowa m'nyumba mwace, tsiku lace lakwana.

Zoipa zace ndizidziwa bwino, pakuti ndinalipira ndi ndalama zanga. Pamene ndinali kukhala ku Kabwe ndinali naye mmodzi wamphongo. Tsiku lina la Sabata tinapita ku chalichi tonse, tinamsiya m'bwalo lochingidwa bwino. Pobwera tinapeza dzenje pansi pa mpanda, ndipo kuseri kwace, pabwalo la mnansi wanga, nkhuku zisanu ndi ziwiri ziri gone. Sanadye ngakhale imodzi. Anakhala pakati pa nthenga alikugwedeza mcira, alikuyembekeza kuti ndimtamande. Nkhukuzo ndinalipira tsiku lomwelo, koma mkazi wa mnansiyo sanapatse moni mai wa kunyumba kwanga kufikira mvula inagwa. Galuyo sanali ndi njala. Cimene cinamsowa ndi nchito, ndipo wolakwa ndinali ine amene ndinatsekera mlenje m'bwalo la mapazi makumi awiri.

Jack Russell afuna kuthamanga ora lathunthu tsiku liri lonse. Akapanda kutero akumba maluwa, atafuna nsapato, auwa kufikira anansi adandaula. Sadziwa kuti ndi wamng'ono, motero aputa agalu omposa katatu. Salekerera mwana womkoka mcira kapena wolowetsa dzanja m'mbale yace. Ndipo akaona njoka sathawa, aipita. Izi muziike pamtima, tidzazifunanso patsogolo.

Tiyeni tsopano tiwakweze basi onse awiri. Ticoka ku Chingola, tipyola Kitwe, Kapiri Mposhi ndi Kabwe, tifika mu Lusaka. Tilowa mseu wa Great East, titsika mapiri, tioloka ulalo wa Luangwa, tigula nthoci pa Nyimba, tifika ku Petauke titayenda makilomita oposa 800. Pamenepo tisiya tara, tilowa mseu wa pfumbi wopita kumwera, cakumalire a Mozambique. Tafika kumudzi. Kodi alendo athu awiri adzapeza ciani?

M'mwezi wa October, nthawi imene Ansenga asonkhana kwa Mfumu Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba, dzuwa liswa mtengo ndipo pfumbi liri pali ponse. Kagalu koyera kaja kasanduka kofiira sabata yoyamba, ndipo madzi osambitsira galu acokera pamutu pa munthu, kucokera ku cigayo ca madzi kapena kucitsime. Mvula ikagwa ndi matope. Mvula ikatha, cisoso cikhwima m'mbali mwa njira zonse. Inu mudziwa mabvuto a kucotsa cisoso pa buluku. Ganizani tsono cisoso m'ubweya wa Maltese, m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala.

Zimenezo ndi zotopetsa cabe. Zakupha ndi nkhupakupa. Kumudzi kuli ng'ombe, mbuzi ndi agalu ambiri, ndipo nkhupakupa ziculuka nthawi ya dzinja. Zina zinyamula tizirombo timene tiswa magazi a galu. Galu wodwala afooka, aleka kudya, thupi litentha, usinini wace uyera ngati pepala, ndipo pena mkodzo ufiira. Mankhwala alipo ndipo aciritsa ngati mwafulumira. Koma taonani kusiyana kwace. Pa Jack Russell, mnyamata akamsisita madzulo, dzanja lokha lipeza nkhupakupa ikali yaing'ono. Pa Maltese ibisala pansi pa ubweya kufikira yatupa ngati nzama. Ndiponso magazi onse a galu wa makilogalamu 3 angakwane m'kapu imodzi yaikuru ya tiyi. Galu wotere alibe masiku oyembekeza galimoto yopita ku boma, kumene kuli ofesi ya dotolo wa ziweto.

Palinso nchenche ya mphutsi, yomwe ija itikakamiza kusita zobvala za ana. Iikira mazira pa dothi la mumthunzi, pamene agalu akonda kugona. Kamphutsi kalowa pakhungu, nikacita cithupsa ca kabowo pakati. Mukaciona msanga mupakapo Vaseline kuti kasowe mpweya, ndipo kafinyika mosabvuta. Pa ubweya waufupi muciona tsiku laciwiri, pa ubweya wautali mudzamva galu alikulira osadziwa pamene papweteka.

Kashembe ndiye sasankha. Kumadera otsikira ku cigwa ca Luangwa, monga mbali zina za Nyimba, nchenche imeneyi ipatsa agalu nthenda ya kaodzera monga icita ndi ng'ombe. Galu aonda, atupa nkhope, ndipo maso ace acita mtambo. Agalu ocokera kunja agwa msanga kuposa obadwira komweko, motero musatenge ali yense wa awiriwa popita kukaceza kucigwa. Ndipo poti tiri pa za mankhwala, ndikupemphani cinthu cimodzi. Musasambitse kagalu ndi dibi ya ng'ombe monga isungunulidwira ng'ombe, kapena ndi mankhwala opopera thonje. Anthu ena atero pofuna kupha utitiri, naphera pamodzi galu. Funsani dotolo wa ziweto mankhwala a galu, ndipo mumuuze kulemera kwace.

Usiku kumudzi kuyenda afisi, ndipo usana kuli agalu akuru-akuru a eni mudzi. Maltese sangadziteteze kwa ali yense wa iwo, ayenera kukhala m'nyumba. Apa pabwera nkhani ina imene a m'tauni aiiwala. Acibale adzabwera kudzakulonjerani, adzakhala pa mphasa, ndipo adzaona galu ali pa mpando wofewa alikupesedwa. Sadzanena kanthu pamaso panu. Adzanena pobwerera, ndipo amai a m'nyumba ndiwo adzamva mauwo kucitsime.

Nanga Jack Russell? Iye akafika kumudzi ayesa wafika kumwamba. Petauke ndi dziko la cimanga ndi nshawa, ndipo pamene pali nkhokwe pali makoswe. Galuyu apeza nchito imene anabadwira. Anthu akatha kukolola, anyamata atenga makasu kukakumba mbewa, ndipo mnyamata wanu adzakhala mfumu ya anzace cifukwa ca mphuno ya galu wace. Ku thengo komweko kuli mphiri ndi njoka ija yolabvula malobvu m'maso. Ikamlabvulira, tsukani masowo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, musacedwe kufuna mankhwala ena. Ikamluma, kawiri-kawiri galu wamng'ono sapulumuka. Ici ndi coona cowawa, ndipo ndi bwino mnyamata acidziwe lero.

Bvuto lalikuru la Jack Russell kumudzi ndi lija ndinaona ku Kabwe. Nkhuku za kumudzi ziyenda mwaufulu, pamodzi ndi anapiye, abakha, nkhanga ndi tiana ta mbuzi, ndipo ciri conse ciri ndi mwini wace. Munthu wobwera ku migodi ndi penshoni, anthu amyang'ana ndi maso awiri. Galu wace akapha nkhuku ya mai wamasiye mwezi woyamba, nkhani ifika kwa anyakwawa, ndipo sidzakhala nkhani ya nkhuku yokha. Adzati wabwera ndi ndalama zace kudzatizunza.

Tsono mwandifunsa, ndipo ndiyankha mosazungulira. Bambo wanga, gulani Jack Russell. Cifukwa cace ndi ici: bvuto la Maltese liri m'thupi mwace, ndipo simungalisinthe, koma bvuto la Jack Russell liri m'makhalidwe, ndipo muli ndi zaka zinai za kumphunzitsa. Ndikadasankha wamkazi, amene kawiri-kawiri sayendayenda monga wamphongo, ndipo ndikadapita naye kwa dotolo kuti amtseke asabale. Mukatero simudzaona agalu a mudzi wonse atazinga nyumba yanu kawiri pa caka.

Maphunziro ayambe sabata yomwe afika. Pezani nkhuku zazikazi ziwiri kapena zitatu, zazikuru, zaukali, zikhale kuseri kwa nyumba komweko ku Chingola. Kagalu ka miyezi iwiri kakajomphedwa pamphuno ndi thadzi, kakumbukira moyo wace wonse. Mnyamata azikayendetsa pa cingwe pakati pa nkhukuzo tsiku ndi tsiku. Kakayang'ana nkhuku anene mau amodzi okha, "Leka!" ndipo kakatembenukira kwa iye akapatse kapenta mmodzi. Musakamenye, ndipo musatsate aja amangirira nkhuku yakufa m'khosi mwa galu, pakuti galu sadziwa cimene mutanthauza. Ngakhale ataphunzira, musamsiye yekha ndi anapiye, magazi a mbusa wa ku Devon akali momwemo. Mwana wa zaka 3 nayenso aphunzire malamulo awiri: galu wakudya sakhudzidwa, galu wogona sadzutsidwa. Ndipo pomanga nyumba ija kumudzi, onjezani kacipinda kotseka bwino pakhonde, kuti fisi asadye ndalama zanu.

Amai a m'nyumba, musandikwiyire. Maso anu sananame, kagalu kaja ndi kokongola ndithu. Mukadakhala kuti mudzakalambira m'tauni, m'nyumba ya mpanda, ana atakula, madzi ali pa mpopi ndipo dotolo ali pafupi, ndikadakuuzani kuti tengani Maltese lero lomwe, ndipo Jack Russell ndikadamkana. Kwa nkhalamba imene miyendo yayamba kulema, Jack Russell ndi cilango. Agalu onse awiri ndi abwino, koma Kaumbwe ayenera mmodzi. Mtsikana mumpatse ulemu wa kucha dzina. Makolo athu anali kucha agalu maina olasa anansi, monga Mudzatopa kapena Adaniwanga, kuti poitana galu mau afike kwa mwini nkhani. Inu amene mudzakhala alendo kwanu komwe, sankhani dzina lofatsa.

Tsopano mvetsetsani, pakuti cimene nditi ndinene cikhudza galu ali yense, wa mtengo wapatali ndi wopatsidwa cabe. Ndinena za ciwewe. Bungwe la World Health Organization liti nthenda imeneyi ipha anthu ngati 59,000 caka ciri conse pa dziko lapansi, makamaka mu Africa ndi mu Asia. Pafupifupi onse aitenga kwa agalu, ndipo mwa anthu khumi olumidwa, anai ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikaoneka pa munthu palibe mankhwala. Komatu katemera alipo kuyambira kale. Mu 1885 Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, dzina lace Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wa ciwewe. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo tsiku la 28 September likumbukiridwa monga tsiku lolimbana ndi ciwewe.

Lamulo la dziko lathu, lochedwa Control of Dogs Act, Mutu 247 wa malamulo a Zambia, lifuna kuti galu alembetsedwe ndi kulandira katemera. Woyamba alandire pa miyezi itatu, ndipo muzibwereza caka ndi caka. M'tauni mungaganize kuti kagalu kokhala m'mpanda sikasowa katemera, koma kumudzi kadzakomana ndi nkhandwe ndi agalu oyendayenda, ndipo madzulo kadzanyambita nkhope ya mwana wanu. Khadi la katemera mulisunge pamodzi ndi mapepala a penshoni. Tsiku limene galu wanu adzakanda mwana wa mnansi, khadilo lidzaziziritsa mitima. Munthu akalumidwa ndi galu ali yense, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Musayembekeze kuona ngati bala litupa. Madotolo apeza kuti agalu 70 mwa 100 akalandira katemera, ciwewe cileka kuyenda m'dera, motero mukafika kumudzi ndipo a ziweto aitana, mukhale woyamba pa mzere, mukokenso anansi anu.

Pogula, musagule pa zenera la galimoto. Pitani kunyumba kwa mwini, muone mace wa kagaluko, pakuti mai waukali kapena wamantha abala ana otero. Kasacoke kwa mace kasanakwane milungu 8. Funsani khadi loonetsa kuti kalandira katemera woyamba wa matenda a tiana ta agalu, makamaka aja ochedwa parvo, amene anabuka pa dziko mu 1978. Matendawa asanzitsa ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo apha kagalu m'masiku ocepa. Ana ambiri alira sabata yaciwiri cifukwa bambo anakondwera ndi mtengo wotsika. Ombani m'manja kumbuyo kwace muone ngati katembenuka, pakuti agalu oyera ena abadwa ogontha. Kunyumba, nsima yokha sikwanira, onjezani kapenta, dzira kapena zotsala za nyama, koma anyezi, cokoleti ndi mafupa ophika a nkhuku musampatse.

Ndisanatseke, ndichule galu wacitatu amene kalata yanu sinamchule. Ndiye uja wa makutu osongoka ndi mcira wopindika, amene agona pa phulusa kuseri kwa nyumba ya amalume anu ku Kaumbwe. Timnyoza cifukwa sagulidwa, koma makolo ace anafika kuno pamodzi ndi makolo athu osula citsulo zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo akatswiri a ku South Africa anampatsa dzina lakuti Africanis. Dzuwa, nkhupakupa ndi njala zamsefa mibadwo yonseyi. Adziwa nkhuku, aopa njoka, ndipo akadya bwino ndi kulandira katemera akhala galu wokongola amene simungamzindikire. Kukadatsala caka cimodzi cokha kuti mupume, ndikadati uzani ana apirire, akasankhe kamwana kace kumudzi. Koma zaka zinai ndi zambiri kwa mnyamata wa zaka 11. Pofika nthawiyo adzakhala ndi zina m'mutu, ndipo nthawi ya galu idzakhala itapita.

Tsiku la ulendo likayandikira, pitani kwa dotolo wa ziweto wa boma ndi khadi lija, mufunse kalata yoyendera galu. Mumkonzere bokosi la mabowo, musamdyetse kwambiri m'mawa mwace, ndipo mutenge botolo la madzi, pakuti pa Luangwa patentha. Mukafika mumsunge pa cingwe milungu iwiri, kufikira adziwe bwalo lace ndi nkhuku za eni mudzi. Mudzandilembere kalata kundiuza dzina limene mtsikana wasankha. Nthawi yanga yatha. Gonani bwino nonse.